Mmene Ndinasandukira Dokotala wa Chamba ku Barking

Abale anga, sukulu ndi yabwino, sindikukana, koma sukulu ikakumana ndi mtima wofuna kugometsa apongozi, thawani. Ine ndinaziona ndi maso angawa. Ndipotu poyamba penipeni cholinga changa chinali choyera mbee: ndinkangofuna kuti bondo la mayi wachikulire lisiye kuwawa. Basi, palibenso china.

Zinali zaka zija tinkaimba foni kumudzi ndi timakhadi tokala tija, tomwe ankati tili ndi mphindi zambirimbiri koma ukangoti "muli bwanji kumeneko, mvula ikugwa?" tatha. Ine ndinali nditasiya choko ku Malawi, komwe ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, n'kubwera kuno kudzawonjezera maphunziro pa yunivesite ina ku Greenwich. Mkazi wanga Linesi ndi nesi, nthawi imeneyo ankagwira pachipatala chachikulu ku Edmonton, ndipo tisabisane, lendi ya kafulati kathu ku Barking inkachokera m'thumba mwake. Titadalitsidwa ndi mwana wathu woyamba, Tamanda, tinaitanitsa mayi ake a Linesi, a Nachisale, kuchokera ku Mponela kuti adzatithandize kulera.

Tsono inu mukudziwa, kumudzi mkamwini akaona apongozi akubwera amapatukira kutchire. Nanga m'kafulati ka ku Barking upatukira kuti? Kakhonde kake n'kakuti anthu awiri akakumana wina ayenera kulowa m'bafa. Ndiye ine kutacha ndinkangokhalira kulowa m'bafa. Koma chomwe chinkandiwawa kwambiri si chimenecho. Chinali maso awo. M'mawa uliwonse ankaona mwana wawo atavala yunifolomu akupita kuntchito, kenako n'kuona ine, bambo wandevu zake, ndikubereka kachikwama ka mabuku ngati mwana wa sitandade faifi. Sankanyoza ayi, a Nachisale ndi munthu waulemu. Ankangofunsa mofatsa ali chopenya kumbali.

"Kodi bambo a Tamanda, sukuluyi ili ndi pothera pake?"

Funso limeneli, anzanga, limapweteka kuposa mbama.

Chisanu chitafika, bondo lawo lakumanzere linayamba kuvuta. Kukwera masitepe, ankachita kupumira panjira. Linesi anawatengera kwa dokotala, anapatsidwa mapiritsi, koma iwo ankati mapiritsi a kuno ndi aulesi, amangofika m'mimba n'kukhala pansi, safika kubondo.

Tsono maphunziro anga ine anali okhudza timafuta ting'onoting'ono tomwe timapatsa zomera fungo, azungu amati matepini. Ukasenda lalanje n'kumva kafungo kaja kakukuthyola mphuno, ndi amenewo. Ukadutsa m'nkhalango ya paini, ndi amenewonso. Ntchito yanga tsiku ndi tsiku inali kufinya makoko a mandimu, masamba a paini ndi timaluwa tofiirira totchedwa lavenda. Chamba sindinachionepo n'kamodzi komwe mulabu mwathu. Kungoti sabata imeneyo kunabwera mphunzitsi wina wa ku Holland, amene anatifotokozera kuti kwawo odwala ena amalandira chamba kufamase ndi chilolezo cha dokotala, ndiponso kuti chamba chili m'mitundumitundu, china chonunkhira mandimu, china paini, china ngati dothi lonyowa, ndipo akatswiri akufufuza ngati fungolo lili ndi chochita pa mmene chimathandizira odwala. Anatsindika kuti zambiri sizinadziwike. Mbali yotsindikayo ine ndinaisiya m'kalasi momwemo.

Loweruka ndinadutsa pamsika wa ku Greenwich n'kugula timabotolo titatu ta mafuta onunkhira: mandimu, paini ndi lavenda. Kunyumba ndinadonthezamo pang'ono m'mafuta ophikira a mpendadzuwa, n'kuthira m'kabotolo kabulauni, kuti apongozi azisisitira bondo. Kusisita kokhako kumathandiza, ndi zodziwika. Ndikanangopereka n'kutseka pakamwa, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma ayi ndithu, mphunzitsi wa sayansi anayenera kuphunzitsa.

Ndinagwada chapatali ndithu, monga mwa mwambo, n'kuyamba.

"Amayi, kusukulu kwathu tikuphunzira kuti ngakhale chamba, azungu ena akuchigwiritsa ntchito ngati mankhwala. Ndipo chili m'mitundu, china cha ululu, china cha tulo. Tsono timafuta tomwe tili mu chambamo, ndi tomwenso tili m'botolo ili."

Mwamva mmene ndinayankhulira? Palibe bodza pamenepo. Koma a Nachisale anamva mawu awiri okha: chamba, botolo. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana kuzenera, kenako kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku London anandiyang'ana ine m'maso.

"Ndiye kuti m'menemu muli fodya wamkulu?" anatero monong'ona.

Apa m'pamene ndinayenera kunena kuti ayi amayi, simunandimvetse. Mawuwo anafika ndithu pammero. Koma abale, maso amene aja! Munali ulemu m'maso muja, ulemu womwe ndinali ndisanauonepo chikwatirireni mwana wawo. Ndiye ine, m'malo moyankha, ndinangoika chala pamlomo.

"Shhh."

Shhh ameneyo ndi amene anandiphetsa.

"Ndinadziwa ine kuti sukulu yaitali chonchi singakhale yopanda kanthu," anatero akubisa kabotolo kaja m'mphepete mwa chitenje. "Malemu apongozi anu ankasunga pang'ono kudenga, ati ka chikuku cha ana. Ine izi sindizidabwa. Linesi tisamuuze, ali ndi mtima wachipatala."

M'mawa mwake anandidikirira pakhonde, moti ndinasowa ndi mpata wolowera m'bafa. Anati mankhwala aja ndi abwino, koma bwanji sakubiriwira? Chamba chomwe ankachidziwa iwo chinali chobiriwira. Kodi kapena azungu andipatsa chosukuluka poona kuti ndine wakuda?

Munthu wanzeru akanaulula pamenepa. Ine ndinalowa kukhitchini, n'kutsegula filiji, n'kutapa sipinachi wa Linesi, kumusinja bwinobwino ndi supuni, kumufinyira m'kansalu, n'kudonthezera m'botolo muja. Mafuta aja anabiriwira ngati dambo la mu Febuluwale. Apongozi atawaona anagwedeza mutu.

"Eyaa. Ichi ndiye chenicheni."

Ndipo mukhulupirire kapena ayi, bondo lija linachira! Kaya ndi kusisita, kaya ndi chikhulupiriro, kaya nyengo inangofunda, ine sindikudziwa, koma pasanapite nthawi mayi aja ankakwera masitepe mwana ali kumbuyo, akuimba nyimbo za kwaya. Lamulungu kutchalitchi kwathu, komwe Amalawi ndi Azambia timasonkhana muholo ya sukulu ina masana, anavina mpaka kufika pansi, amayi anzawo n'kumaimba nthungululu. Kunyumba zinthu zinasintha. Tiyi wanga ankabwera ndi mbale yake pansi. Ndikabereka kachikwama kanga m'mawa, ankati, "Muyende bwino adokotala." Ine chifuwa chinkachita kutsogola pokakwera sitima.

Apongozi anandilonjeza kuti sauza munthu. Ndipo anasungadi lonjezo, sanauze munthu, anauza anthu.

Woyamba kundipeza anali a Mbewe, mkulu wa mpingo, bambo wamtali wosaseka, amene ankagwira ntchito ya ulonda musitolo ina yaikulu ya zovala. Titaweruka mapemphero anandikokera kuseri kwa holo, komwe amaunjika mipando, n'kuchotsa chipewa.

"Aphunzitsi, ine ndi munthu wa Mulungu, mukudziwa."

"Ndikudziwa bambo."

"Koma msanawu sudziwa zimenezo. Kuima tsiku lonse pakhomo la sitolo, ndikafika kunyumba ndimachita kukwawa. Ndamva kuti muli ndi... masamba a m'munda wa Edeni."

Mukuganiza kuti ndinakana? Ndinapinda manja kumbuyo ngati dokotala weniweni, n'kuwafunsa ngati ululuwo ndi wobaya kapena wonyeng'enya, ngati umabwera m'mawa kapena madzulo. Kenako ndinawauza kuti mankhwalawa sitingopereka chiperekepereke, munthu aliyense ali ndi mtundu wake. Ndipo pomwepo, popanda kukonzekera, mayina anayamba kutuluka okha m'kamwa mwanga. Wonunkhira paini ndinamutcha Chikangawa, ndinati ndi wa msana ndi mafupa. Wa mandimu ndinamutcha Mwanza, wochotsa kutopa ndi kukhumudwa. Wa lavenda ndinamutcha Mponela Usiku, polemekeza apongozi, ndinati ameneyo ndi wa tulo, wosafunika kumuyandikira ngati ukuyendetsa galimoto.

A Mbewe anamvetsera ngati akumva ulaliki.

"Ine ndiye wa Chikangawa ameneyo," anatero. "Ndinagwirako ntchito kumeneko ndili mnyamata. Thupi langa limamudziwa."

Lamulungu lotsatira anabwera mayi Daka, a ku Lusaka, omwe ankasamalira okalamba kunyumba ina ku Ilford ndipo mashifiti anali atawasokonezera tulo.

"Ba ticha, ine tulo nilibe. Nikachoka ku nchito maso yangokhala gwa monga nsomba. Nipatseniko kaja ka Mponela, koma kankhale kolimba, ine sindine mwana."

Ndinawathirira sipinachi wowirikiza.

Kuchoka apo zinangoyenderera ngati moto wa lupsa. Sindinkalandira kanthu kwa aliyense, zimenezo ndiye ndikane, malipiro anga anali ulemu basi, koma ulemu wake unali wonona. Amuna akuluakulu ankandipatsa moni ndi manja awiri. Amayi ankandipakulira nyama yapamwamba pa chakudya cha pamodzi. Anthu ankabwera kudzanunkhiza timabotolo tanga m'kona mwa holo, atatsinzina, wina n'kumati "ayi, ine Mwanza amandithamangitsa mtima, ndipatseni wosakaniza ndi Chikangawa pang'ono." Wina anachita kutsutsana ndi mnzake kuti Chikangawa wa mwezi uno ndi waukali kuposa wa mwezi watha. Ine n'kumavomereza kuti eya, zimatengera mvula ya komwe wachokera. Mvula yake iti? Sipinachi ndinkagula m'sitolo ya pakona, wa m'pepala!

Linesi ankadziwa kuti ndimasakaniza mafuta onunkhira, ndipo ankawakonda. Chomwe sankadziwa ndi dzina lomwe mafutawo ankayendera kunja. Ankangodabwa kuti sipinachi akutha msanga bwanji m'nyumba muno. Tsiku lina amayi a mpingo akutsuka mbale, iye anangoti mwachisawawa, "Mafuta a bambo a Tamanda aja ndi abwino bwanji, ine ndimadzola m'khosi tsiku lililonse ndisanapite ku shifiti, odwala amachita kundifunsa kuti sisitala mukununkhira chiyani." Akuti mayi wina mbale inamupulumuka. Linesi anabwera kunyumba akudandaula kuti amayi a mpingo ayamba kumuyang'ana modabwitsa, ena mwamantha, ena ngati amusirira. Ine ndinati mwina ndi nsanje ya yunifolomu.

Kenako mankhwala anayamba kugwira ntchito mopitirira muyeso. Mayi Daka anandiimbira foni akuseka.

"Ba ticha, kaja kanthu ni koopsa! Nagona monga mwala. Koma njala yake, mayo! Nauka nadya buledi yonse, nadya na chakudya cha bana cha ku sukulu. Ni mwamene chimachitila ka?"

"Ndi mmene chimachitira, mayi," ndinatero ine, wopanda manyazi.

Koma a Mbewe ndiwo anaposa onse. Ine ndinawauza kuti azipaka pamsana. Iwo anaganiza kuti msana uli kutali ndi manja, njira yachidule ndi ya m'kamwa, ndiye anayamba kudonthezera m'tiyi asananyamuke. Nditamva ndinachita mantha zenizeni, chifukwa mafuta onunkhira si akumwa, moti botolo lawo lotsatira ndinangothiramo mafuta ophikira ndi sipinachi basi, paini ndinangopaka pachivindikiro kuti fungo lizimveka. Ndiye taganizani, bambo uja ankamwa ndiwo. Koma bwerani mudzaone zotsatira zake! Munthu amene chibadwire sanasekepo pagulu anayamba kumwetulira yekha pa basi. Anandiuza kuti tsiku lina kuntchito anapereka sawasha kwa chidole chovekedwa suti, n'kucheza nacho ndithu za mitengo ya zinthu. Lamulungu lina mlembi akuwerenga zolengeza, atafika pa mawu akuti "amayi abweretse makapu awo," a Mbewe anaphulika chiphwete mpaka misozi, anachita kutuluka panja atagwira m'mimba. Pobwera anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, Chikangawa uja muchepetseko mphamvu. Ndikuona mitundu."

Pamenepa mantha anali atayamba kundigwira. Chamba n'choletsedwa kuno, ndipo munthu wa viza ya sukulu ngati ine, ikangomveka mbiri yakuti akugawa chamba kutchalitchi, palibe wapolisi amene angayambe ndi kufunsa za sipinachi. Linesi naye ntchito ya unesi ikanamuthera pompo. Ndinatsimikiza mtima kuti ndisiya pang'onopang'ono, ndizinena kuti katundu wasowa, wagwidwa padoko. Koma ndisanayambe n'komwe kusiyako, zinthu zinandipitirira.

Kuntchito kwa a Mbewe mabwana analengeza kuti alonda onse akayezedwa mkodzo, kuona ngati pali wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Bambo uja anandipeza pa siteshoni ya Barking nkhope itagwa, milomo itauma.

"Aphunzitsi, ndatha ine. Ana anga adya chiyani? Akazi anga ndikawauza chiyani? Mkulu wa mpingo!"

Apa Mulungu anandipatsanso mpata wina woti ndinene zoona, mpata waukulu ngati chipata cha bwalo la mpira. Ine ndinawagwira paphewa n'kunena kuti, "Bambo, musade nkhawa. Wanga uja saoneka pa makina."

Mwaona uchitsiru wake? Ndinkaganiza kuti ndawakhazika mtima pansi. Iwo anabwerera m'mbuyo, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ngati aona Satana atavala jekete. Munthu wotha kupanga chamba chosaoneka ngakhale pa makina a azungu! Anachoka osatsanzika.

Lamulungu lake holo inadzaza, kunali ngakhale alendo ochokera ku Luton. Abusa athu, bambo wofatsa wa imvi za m'mbali, amene pakati pa sabata ankayendetsa basi, atamaliza ulaliki anafunsa ngati pali wina ali ndi umboni. Ndinaona a Mbewe akuimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Abale ndi alongo, ine si umboni. Ine ndi kulapa."

Onse anatembenuka kuwayang'ana.

"Ine mkulu wanu, amene ndimakudzudzulani mukachedwa, ndakhala ndikumwa chamba. M'tiyi. M'mawa uliwonse."

Wina kumbuyo anati "Yesu!" Akazi awo a Mbewe anagwira kumutu. Bambo uja anapitiriza, misozi ili chuchuchu, kufotokoza za chidole cha suti, za kuseka pa zolengeza, za kuyezedwa komwe kukubwera. Anati ngati ntchito ithe, ithe, koma akufuna kukumana ndi makinawo ali woyera mumtima. Sananditchule dzina, anangoti "amene anandipatsa akudzidziwa," koma ponena mawuwo anatembenuka thupi lonse n'kuyang'ana pomwe ndinakhala ine.

Ndisanapume, mayi Daka anaimirira.

"Na ine abusa. Mponela Usiku. Nenze kuzola pa mphumi."

Kenako wina. "Ine Mwanza." Wina uko. "Ine Mwanza wosakaniza." Anthu ankaimirira ngati akuitanidwa mayina m'kalasi, alendo a ku Luton n'kumangotembenuza makosi, osamvetsa ngati anthuwa akulapa kapena akutchula kwawo. Pomalizira penipeni, pambali panga, ndinamva chitenje chikukhwekhwereza. Apongozi anga anaimirira, mwana ali kumbuyo, mutu uli m'mwamba.

"Ine ndiye ndinayamba, ndipo sindinama pamaso pa Mulungu, chinandithandiza. Koma musamuweruze mwanayu. Ndi sukulu yamuphunzitsa."

Linesi anatembenuka kundiyang'ana. Anzanga, ndakhala m'banja zaka zambiri tsopano, koma diso limene lija sindinalionenso, ndipo ndimapemphera kuti ndisadzalionenso.

"Bambo a Tamanda," anatero motsitsa, mano ali pamodzi, "chimene ndakhala ndikudzola popita kuchipatala n'chiyani?"

Abusa anandikodola ndi chala. Ulendo wochoka pampando wanga kukafika kutsogolo unali wautali kuposa wa Lilongwe mpaka Heathrow. Anandipatsa maikolofoni, ndipo inalira kaye tswiii, ngati nayonso ikundinyoza.

"Abale," ndinayamba, "ndili ndi uthenga wabwino. Palibe amene wamwa kapena kudzola chamba pano. M'mabotolo muja muli mafuta ophikira, timadontho ta mafuta onunkhira a pamsika... ndi sipinachi."

Ine ndinkayembekeza kuti anthu aimba aleluya. Si uthenga wabwino umenewo? Ntchito ya a Mbewe yapulumuka, mpingo ndi woyera, palibe wopita kupolisi. Koma nkhope zomwe zinandiyang'ana m'holo muja zinali zoopsa.

Anayamba ndi a Mbewe, misozi isanaume n'komwe.

"Sipinachi?"

"Eya bambo."

"Wa ndiwo?"

"Yemweyo bambo."

"Ndiye ine ndimaseka chiyani?"

Mukanayankha chiyani inu?

"Ndikufunsa! Chidole chija ndimacheza nacho chifukwa cha chiyani? Ine ndaima pano pamaso pa akazi anga, pamaso pa alendo, kulapa ndiwo zamasamba?"

"Nanga buledi yanga?" anakuwa mayi Daka. "Nadya chakudya cha bana banga, ba ticha! Nenze kuziuza ati ni mankhwala, kansi ni umbombo wanga chabe!"

Phokoso linabuka. Anthu omwe aja amene mphindi zapitazo ankalira chifukwa chomwa chamba, tsopano anakwiya chifukwa sanamwe chamba. Awiri aja otsutsana za Chikangawa wa mwezi uno ndi wa mwezi watha sankayang'anana n'komwe. Wina anafunsa abusa ngati kulapa kumabwezedwa, poti iye walapa tchimo loti sanachite, ndiye lisungidwe kuti lidzagwire ntchito tsiku lina. Mayi wina wa ku Luton anaseka mpaka anagwa pampando.

Ndipo pakati pa chipwirikiti chonsecho ndinamva mawu amene ndinkawaopa kwambiri.

"Mayo ine, bondo langa!"

A Nachisale anali atakhala pansi, atagwira bondo lakumanzere ndi manja onse awiri. Bondo lomwe linavina mpaka pansi, lomwe linkakwera masitepe likuimba, linamva za sipinachi n'kukumbukira pomwepo kuti limawawa. Popita kunyumba tinachita kuwagwirizira mbali zonse. Atafika pamasitepe anaima, n'kuuza Linesi, ine ndili pomwepo, "Uwafunse bambo a Tamanda ngati sukulu ija ili ndi pothera pake."

Koma ndadumpha, tibwerere kuholo. Abusa atakhazika anthu bata, anagamula mwanzeru ndithu. Anati amene alapa chamba akhululukidwa poti mtima wofuna unalipo, ndipo ine ndikhale pambali osatsogolera chilichonse kufikira nditaphunzira kusiyanitsa sayansi ndi bodza. Kenako anati akufuna kundiona pandekha. Tinalowa m'kachipinda kosungiramo matsache, n'kutseka chitseko. Ine ndinaweramitsa mutu kudikira chidzudzulo chenicheni.

Ndinangomva akupisa m'thumba la jekete. Nditadzutsa maso, m'dzanja mwawo munali kabotolo kabulauni, kotsala pang'ono kutha. Chikangawa. Ine sindinawapatsepo abusa botolo, koma ndinakumbuka kuti mayi busa anatengapo awiri, ati n'ngwa mnansi wawo wa ku Ghana.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa kwambiri, "khosi langali limandivuta chifukwa cha chiwongolero. Ndakhala ndikupaka, kenako n'kugwada kupepesa. Kupaka, kupepesa. Sabata yathayi ndinasala kudya kuti Ambuye andichotsere chilakolako chimenechi." Anapumira m'mwamba, n'kuliyang'ana botolo lija mwachisoni. "Ndiye mukundiuza kuti njala yonse ija ndimasalira sipinachi?"

A Mbewe anakayezedwa, ndipo zotsatira zinatuluka zoyera, koma mpaka lero akandiona amawolokera tsidya lina la msewu. Linesi anandikhululukira patapita nthawi, atandigonetsa pa sofa mpaka nane msana unayamba kufuna Chikangawa. Digiri ndinaitenga ndithu, ya matepini omwewo, ndipo ndikhoza kukufotokozerani bwinobwino chomwe chimanunkhiritsa ndimu.

Koma ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pamaso panu: munthu akadzandiuzanso kuti bondo likumuwawa, kaya msana, kaya tulo tamuthawa, ine ndidzangoti pepani, n'kumulozera basi yopita kwa dokotala. Ndipo wachikulire akadzandifunsa funso monong'ona, ndidzayankha mokweza, ndi mawu athunthu, manja onse ali m'thumba. Chala changachi sichidzayandikiranso pamlomo, ngakhale patatera ntchentche.